Amalume akuti usiye physics?

Mnyamata wina wa chaka chomaliza cha physics wandilembera. Akufuna kufufuza momwe ma topological insulator (zinthu zimene magetsi amayenda bwino pamwamba pake koma amavutika kudutsa m'kati) amatembenuzira maginito, koma amalume ake akuti zimenezo n'za azungu, kuno sizidyetsa munthu. Akufunsa ngati asiye.

Mng'ono wanga, mawu amenewo ndimawadziwa, nanenso anandiuzapo, ndipo mpaka lero amandiwawa. Mu 2024, madzi ataphwa ku Kariba, ndinkaphunzitsa ana makompyuta ku Matero. Malaiti akathima mwadzidzidzi, zonse zimene mwana walemba osasunga zinkafafanizika. Mtsikana wina anangogwira kumutu, misozi ili m'maso. RAM wamba, mmene kompyuta imasungiramo zimene ukulemba, amaiwala magetsi akachoka. MRAM, yomwe ndi RAM ya maginito, saiwala, chifukwa imasunga 0 ndi 1 m'mbali imene kamaginito kaloza. Tsono wina andiuze kuti nkhani yosunga zinthu popanda magetsi si ya anthu a mu Lusaka!

Chovuta n'kutembenuza kamaginitoko osawononga magetsi ambiri. Bismuth selenide, mtundu umodzi wa topological insulator, ndi wodabwitsa: m'kati mwake magetsi amavutika kudutsa, koma pamwamba amayenda, ndipo spin ya electron iliyonse (kamaginito kake kakang'ono) imamangika ku mbali imene ikulowera. Zili ngati pa Great East Road, olowa m'tauni mbali yawo, opita ku Chelstone mbali yawonso. Ukayendetsa magetsi mbali imodzi, ma spin oloza kumodzi amaunjikana pamwamba n'kukankha maginito amene wayala pamenepo. A ku mayunivesite a Cornell ndi Penn State ku America anayeza kukankha kumeneku mu 2014, pa kutentha kwa m'chipinda wamba. Chaka chomwecho gulu la Kang Wang ku UCLA linatembenuzadi maginito, koma m'kuzizira koopsa. Pofika 2017, ku MIT ndi ku National University of Singapore anakwanitsa popanda kuziziritsa.

Nanga selenium wa mu bismuth selenide amachokera kuti? Wambiri amatengedwa m'matope otsala poyenga mkuwa. Ife dziko la mkuwa, tizingokumba n'kutumiza, ena azipanga tinthu topyapyala ta ma nanometer ochepa n'kutigulitsa? Izi sindizivomera. Albert Fert ndi Peter Grünberg atatulukira giant magnetoresistance (kusintha kwakukulu kwa kayendedwe ka magetsi maginito akasintha mbali) mu 1988 zinkaoneka za m'labu chabe, koma pasanathe zaka khumi zinali m'ma hard disk.

Zochita

Ntchitoyi sinathe. Maginito achitsulo amaba magetsi ambiri amene akanadutsa pamwamba paja, m'kati mwa bismuth selenide namonso mumadontha magetsi, ndipo makina a molecular beam epitaxy oyalira tinthuti ndi odula kwambiri. Ndiye iwe yambira pa laputopu. OOMMF, pulogalamu yoyeserera maginito pa kompyuta yochokera ku NIST (bungwe la boma la America), ndi yaulere. Yeserapo kutembenuza maginito ndi spin-orbit torque, kukankha kwa ma spin kuja. Limbikira quantum mechanics, kenako ufunsire diploma ya ICTP, malo ofufuzira physics ku Trieste, Italy. Amalume usakangane nawo. Akakufunsanso, uwauze kuti ukuphunzira zopangitsa foni kusunga batire nthawi yaitali.