Si ziwanda zimenezo achemwali

Achemwali, mwalemba kuti fungo la perefyumu wa amuna anu akale limakuchititsani mantha, ndipo ena akukuyankhani kuti ndi ziwanda. Amenewo asakusokonezeni. Mtima kugunda mukangomva fungo la perefyumu amene ankadzola bambo ankakumenyaniwo si matsenga. Ine zimandichitikira ndi cholembera.

Bambo anga anali tenanti pa esiteti ina kuno ku Kasungu, ine ndili kamnyamata. Banja lonse tinkagwira: kuthirira nazale kusanache, kuwokera, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, manja bii ndi utomoni wa fodya moti nsima inkawawa mkamwa. Mabelo atapita ku okushoni anatiitana tsiku lowerengera. Bwana pampando pakhonde, ife pafumbi, mayi atabereka mlongo wanga thupi lili moto ndi malungo. Anatsegula buku lachikuto cholimba n'kuyamba kutchula ngongole. Chimanga cha phoso. Mchere. Sopo. Feteleza. Akatchula chimodzi, chala chachikulu pa cholembera, tapu tapu. Pomaliza anati, "Fodya wanu sanagulidwe bwino, mwatsala ndi ngongole, mulimanso chaka chamawa." Bambo anga, munthu wa imvi, anavula chipewa n'kugwada, kupempha yongokwerera kuti mwana akafike kuchipatala. Bwanayo anangoti, "Imeneyonso ndilembe?" Tapu tapu. Mayi sanalire, anangomangitsa chitenje, tinayenda wapansi.

Munthu ameneyo anali mkulu wa mpingo! Lamulungu ankaima kutsogolo kutiwerengera mawu, kukamwa kuli mafuta a thukuta lathu. Utenanti anauletsa m'malamulo mu 2021, chabwino, koma zaka zomwe anadya bambo anga abweza ndani? Ndikamalemba pano manja akunjenjemera.

Lero ndine mphunzitsi. Mwana akayamba kudinadina cholembera m'kalasi, kukhosi kumauma, fungo la m'chigafa limandifika pamene palibe fodya paliponse. Ndinayamba kuzimvetsa nditawerenga za David Hume, munthu wa ku Scotland wobadwa mu 1711. Mu 1748 analemba kuti maganizo sabwera mwachisawawa, lina limakoka linzake m'njira zitatu. Pali kufanana: chithunzi chimakukumbutsa mwini wake. Pali kuyandikana kwa malo kapena nthawi: ukatchula chipinda chimodzi, zipinda zina za nyumbayo zimabwera zokha. Ndiye pali choyambitsa ndi chotsatira: ukaganiza za bala, ululu wake umabweranso m'mutu. Zanuzo n'zachiwirizo makamaka. Perefyumuyo sanakumenyeni, cholembera sichinatibere, koma zinalipo pa ola lomwelo ndipo mutu unazimanga mtolo umodzi. Hume ankati ngakhale kuyembekeza kuti ichi chikachitika chitsatira icho, ndi chizolowezi chimene chimatiphunzitsa. Inu munazolowera kuti fungolo likalowa pakhomo, makofi ali m'njira. Thupi likukonzekabe, silinamve kuti banja linatha. Agalu a Pavlov, katswiri wa sayansi wa ku Russia, ankatuluka malovu akangomva phokoso lomwe linkabwera limodzi ndi chakudya, chakudyacho asanachione. Ndipo fungo ndiye loopsa, chifukwa njira yake mu ubongo imadutsa pafupi kwambiri ndi mbali zosunga mantha ndi zokumbukira.

Ndiye musathawe fungolo. Chomangidwa ndi chizolowezi chimamasukanso ndi chizolowezi. Likakupezani mu minibasi kapena pamsika, khalani pompo, pumani pang'onopang'ono, tchulani mumtima komwe muli ndi tsiku la lero, mpaka mtima utsike, kuti mutu uphunzire kuti fungolo labwera koma palibe wakumenyani. Poyamba muzikhala ndi munthu amene mumamukhulupirira. Tulo tikamasowa kapena mukamalota zomwezo, pitani kuchipatala mukafunse za uphungu wa maganizo, musachite manyazi, ndipo ndalama yomwe mukanapereka kwa sing'anga mugulire ana ndiwo.

Koma kumene amakhala bambowo musapondeko, ngakhale ankhoswe atakunyengererani bwanji. Ine msewu wopita ku esiteti ija sindiudutsa, ndimazungulira ngakhale wakabaza akweze mtengo, ndipo m'kalasi mwanga ana onse amadziwa kuti zolembera zodina zimatsala kunyumba.