Nyenyezi za Azungu ndi nyama za ku China: kodi zingakuuzeni khalidwe la wokufunsirani banja?

Mayi wina wanditumizira imelo yonena kuti anabadwa pa 25 Januwale 1990, ndipo pa intaneti anawerenga kuti kwa openda nyenyezi a Chizungu iwo ndi Aquarius, munthu woganiza payekha ndi wosaonetsa za mumtima, pamene kawerengedwe ka ku China kakuti ndi Hatchi, munthu wansangala ndi wokonda kucheza. Bambo amene akuwafunsira banja anabadwa pakati pa chaka cha 1984, chimene ndi cha Khoswe, ndipo mayiwa anamva kuti Hatchi ndi Khoswe sizimwerana madzi. Akufuna kudziwa kuti pa njira ziwirizi yolondola ndi iti, ndiponso ngati nkhawa yawo ili ndi maziko.

Mayi, tsamba limene linakutchulani kuti Hatchi linaphonya malamulo a kawerengedwe komweko. Chaka cha ku China chimatsata mwezi, ndipo chimayamba tsiku lina pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale. Mu 1990 chaka cha Hatchi chinayamba pa 27 Januwale, kutanthauza kuti inu munabadwa kutatsala masiku awiri, chaka cha Njoka chisanathe. Nyama imene amati imadana ndi Njoka ndiyo Nkhumba, osati Khoswe, choncho mdani amene mumamuopa uja palibe. Koma ngati powerenga za Hatchi munkagwedeza mutu kuti akunena inuyo, dzifunseni kuti zinatheka bwanji kudziona m'nyama imene siinali yanu.

Aquarius nayenso ali ndi vuto lake. Zizindikiro 12 za Azungu zinayambira ku Babulo zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, Agiriki nazipititsa patsogolo, ndipo Claudius Ptolemy wa ku Alexandria anaziika m'dongosolo m'zaka za m'ma 100. Dongosololi limayamba kuwerenga chizindikiro choyamba, Aries, cha pa 21 Malichi, pamene usana ndi usiku zimalingana kutalika. Koma dziko likamazungulira limapendekeranso pang'onopang'ono ngati nguli imene ikutha mphamvu, ndipo limamaliza kupendekerako pa zaka pafupifupi 26,000. Chifukwa cha ichi magulu a nyenyezi asuntha pafupifupi malo a chizindikiro chimodzi kuchokera m'nthawi ya Ptolemy, moti pa 25 Januwale dzuwa limakhala moyang'anizana ndi gulu la Capricorn. Openda nyenyezi amayankha kuti zizindikiro zawo zimatsata nyengo osati nyenyezi zenizenizo, koma yankho limenelo limatisiya panja ife a kummwera kwa dziko, pakuti Malichi amene ku Ulaya zomera zimayamba kuphuka, kuno ndi pamene mvula ikutsanzika ndipo chimanga chikukhwima.

Kusiyana kwakukulu kwa njira ziwirizi kuli pa chimene zimawerenga. Ya Azungu, monga momwe ambiri timaidziwira, imayang'ana mwezi umene munthu anabadwa, ndipo inafala kudzera m'nyuzipepala za ku Britain kuyambira mu 1930, pamene R. H. Naylor analemba za tsogolo la mwana wamkazi wa banja lachifumu, Margaret, mu Sunday Express. Ya ku China imayang'ana chaka, ndipo nyama zake ndi Khoswe, Ng'ombe, Nyalugwe wamizeremizere wa ku Asia, Kalulu, Chinjoka, Njoka, Hatchi, Mbuzi, Nyani, Tambala, Galu ndi Nkhumba. Nyamazi zimalumikizidwa ndi zinthu zisanu, zomwe ndi mtengo, moto, dothi, chitsulo ndi madzi, ndipo zonse pamodzi zimazungulira pa zaka 60. Kunena zoona, akatswiri a mbali zonse ziwiri sawerenga mwachidule chonchi: wa Chizungu amafuna ola ndi malo obadwira, ndipo wa ku China amawerenga chaka, mwezi, tsiku ndi ola. Komabe zimene zimafika pa foni yanu zimagawa anthu onse a padziko m'magulu 12 okha.

Taonaninso mmene khalidwe la nyama limasinthira ukadutsa malire. Kwa anthu a ku China, Kalulu ndi wofatsa ndi wosamala, pamene m'nthano zathu Kalulu ndi tambwali wopusitsa Njovu ndi Fisi. Chinjoka kwa iwo ndi chizindikiro cha mvula, mwayi ndi ufumu, koma Mkhristu akamva dzinalo amakumbukira buku la Chivumbulutso. Ku Vietnam malo a Kalulu anatenga ndi Mphaka. Makhalidwe amenewa ndi nkhani zimene mtundu uliwonse unaluka pa nyama zimene unkazidziwa, ndipo ine ndimazilemekeza ngati chikhalidwe chakale, koma sindingazitenge ngati muyeso wa mtima wa munthu.

Njira ya Azungu inayesedwapo mosamala. Mu 1985 Shawn Carlson anafalitsa kafukufuku m'magazini ya sayansi ya Nature, mmene openda nyenyezi anapatsidwa chithunzi cha kumwamba pa nthawi imene munthu anabadwa, pamodzi ndi mafotokozedwe atatu a khalidwe, kuti asankhe la mwini wake. Analondola pafupifupi kamodzi pa katatu, zimene aliyense angachite pongolota. Chifukwa chimene mafotokozedwe otere amatikhudzirabe anachionetsa ndi katswiri wa za maganizo Bertram Forer mu 1948. Iye anapatsa ophunzira ake aliyense pepala lake, nawauza kuti likufotokoza iyeyo, pamene mapepala onse anali ndi mawu ofanana, akuti munthuyo amafuna kukondedwa, amadziweruza kwambiri, nthawi zina amacheza ndipo nthawi zina amadzipatula. Atafunsidwa ngati pepalalo likuwafotokoza molondola, ophunzirawo anapereka malikisi apakati okwana 4.3 pa 5. Ndi chimene chinakuchitikirani ndi Hatchi.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mphamvu imene chikhulupirirochi chimakhala nayo pa anthu ena. Ku Japan ankati mtsikana wobadwa m'chaka cha Hatchi ya Moto amakhala waukali ndipo amafupikitsa moyo wa mwamuna wake. Chakacho chitafika mu 1966, chiwerengero cha ana obadwa chinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, chifukwa makolo ankaopa kubereka mwana amene adzasowe womukwatira. Hatchi ya Moto inabwereranso pa kalendala ya 2026. Kumbali ina, akatswiri a zachuma Naci Mocan ndi Han Yu anapeza kuti ana a ku China obadwa m'chaka cha Chinjoka amapita patali ndi sukulu kuposa anzawo, ndipo anafotokoza kuti gwero lake ndi makolo, amene amayembekezera zambiri kwa ana oterewa n'kumathera pa iwo nthawi ndi ndalama zochuluka. Apa mpamene njira ya ku China imalemera kuposa ya Azungu, pakuti chaka chobadwa chimadziwika ndi mudzi wonse ndipo chimakhudza m'badwo wathunthu nthawi imodzi.

Yankho langa, mayi, ndi lakuti palibe mwa ziwirizi imene ingakuuzeni khalidwe la bamboyo. Ngati kuwerenga za Aquarius kapena Njoka kumakuthandizani kulingalira za inu nokha, werengani, pakuti funso ngati lakuti kodi ndimabisadi za mumtima ndi labwino kudzifunsa. Koma pa za bamboyo, onani mmene amayankhulira ndi mayi ake ndi alongo ake, mmene amachitira akakwiya kapena ndalama zikamuthera, ndiponso ngati zimene analonjeza mwezi watha anazichita. Kambiranani poyera za ngongole, za ana ndi za kumene mudzakhale mukakwatirana, ndipo amalume anu akafufuze kwawo kwa mwamunayo nkhani isanafike pa chinkhoswe.