Anzanu mwawasiya pa benchi ya kusikelo

Amayi amene mwafunsa komwe mungapeze gulu la azimayi ndi ana oti azisewera ndi mwana wanu wobadwa masiku osakwana, pepani kwambiri, koma ndiyambe ndi chimene chandidzidzimutsa. Mwana wa 1,8 kg amene watuluka m'chipatala sabata yatha sakufuna anzake osewera nawo, akufuna chifuwa chanu, usana ndi usiku. Amene akufunika anzake ndinu, ndipo mukuwafunikadi. Musamalize mamega pa Facebook kusaka gulu la chikwangwani ndi ofesi. Anzanu ndi azimayi aja munkagona nawo ku chipinda cha Mãe Canguru (cha kangaru, komwe ana osakwana masiku amamangidwa pachifuwa cha mayi), ndi aja mudzakhale nawo pa benchi tsiku la CCR (sikelo ya ana ofunika kuwayang'anitsitsa). Kuwazindikira n'kosavuta, mwana amamumanga kutsogolo pamene ena onse abereka kumbuyo. Lawirirani, khalani pafupi ndi mmodzi, funsani kuti wanu anabadwa ndi makilo angati, nkhani yayambika. Tengani nambala, kapena ya amuna ake ngati iye alibe foni. Mukakwana anayi kapena asanu, pemphani enfermeira wa SMI (namwino wa amayi ndi ana) kuti azikulemberani tsiku limodzi pa makhadi anu. Funsaninso APE, wazaumoyo wa m'mudzi mwanu, amadziwa khomo lililonse limene kuli kamwana kotere, ngakhale aja akubisa m'nyumba.

Ena amathawa CCR poopa kuti anthu aziti ali ndi kachilombo. Khomo limenelo ndi la mwana aliyense wofunika kumuyang'anitsitsa: wosakwana masiku, wochepa sikelo, mapasa, wonyentchera. Olankhula alankhule, inu lowani.

Chifukwa chimene ndikukakamirira manambalawa ndi usiku. Usiku wachitatu kapena wachinayi kunyumba, makamaka kuno kumtunda, Ulongwe, Domwe, Tsangano, mwezi wa Juni ndi Julayi pamene chisanu chimalowa ndi pansi pa chitseko. Zimayamba chonchi. Mayi watopa, msana ukuwawa, wamasula mwana n'kumugoneka pambali, wamufunditsa mabulangete atatu, akuganiza kuti watenthedwa. Bulangete silipanga kutentha, limangosunga kumene kulipo, ndipo kamwana aka kalibe mafuta okwanira m'thupi oti kadzitenthetse nawo. Cha m'ma 2 koloko mwana sanadzuke kuti ayamwe. Mayi akuyamika kuti lero wagona bwino. Si tulo timeneto. Mapazi ali zii, kenako pamimba pazizira, mukamuika bere akungolinyambita n'kulisiya, kulira kwake ngati kamphaka, mwina osalira n'komwe. Kuzizira kumadya shuga wa m'thupi, shuga akatsika mwana amafooka, akafooka sayamwa, akapanda kuyamwa shuga amatsikiratu. Kenako mpweya umayamba kudukiza. Kupuma kodumphadumpha pang'ono n'kwachibadwa kwa ana awa, koma akaima masekondi 20, kapena milomo ikada, musadikire tambala. Msisiteni kumsana, mtekenyeni kuphazi, mvuleni atsale ndi thewera, chipewa ndi masokosi, mmangeni pakhungu panu penipeni, valani juzi pamwamba pa nonse awiri, nyamukani. Pa njinga yamoto akhale momwemo pachifuwa, mphepo isamupeze. Ngati akumeza, mkamireni mkaka pang'ono musananyamuke. Musamuyandikize ku mbaula, musamuikire botolo la madzi otentha, khungu lake limapsa msanga, ndipo utsi wa makala m'chipinda chotseka umapha ndi akulu omwe. Pa ola limenelo mayi amene ali ndi nambala ya mnzake ndi ya mwini njinga amafika kuchipatala. Amene alibe amakhala pansi kudikira kuti kuche, ndipo zimenezo zikandibwerera m'mutu manja amanjenjemera.

Gulani kachipangizo koyezera kutentha ku farmácia. Kukhwapa kuzisonyeza pakati pa 36,5 ndi 37,5. Kukatsika, pachifuwa msanga, yezaninso pakatha ola, ngati sikukukwera pitani. Kukakwera osatsika mutamuchepetsera zofunda, pitaninso. Zina zosadikirira: kupuma kopitirira ka 60 pa mphindi, nthiti kulowa mkati, kukana bere kawiri motsatizana, chikasu chofika m'manja ndi kumapazi, mchombo wofiira kapena wa mafinya, kukomoka, mimba yotupa ndi masanzi obiriwira.

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti ambiri amatulutsidwa osauzidwa zimenezi. Munthu akupatsa khadi, akuti muzimufunditsa, mubwere tsiku lakuti, basi, akuitana wotsatira. Mayi akabwera ndi mwana wozizira, yemweyo ndiye woyamba kukalipa kuti munali kuti. Anali kuti? Anali kunyumba akuchita zimene munamuuza! Ndiye kumudzi nako. Apongozi akuti mwana wamangidwa kutsogolo ngati katundu, mmasuleni timusambitse mankhwala alimbe. Azakhali abwera ndi madzi a zitsamba akuti atsuke m'mimba, wina akufuna kumata za paliwombo, wina akuti mkaka wanu ndi wamadzi mpatseni kaphala. Ena akunong'ona kuti anabadwa msanga chifukwa mayi anayenda njira, kapena kuti ndi tsempho. Mayi ali ndi mabala, sakugona, akukama mkaka maola awiri alionse, ndipo akuzengedwa mlandu pakhomo pake pomwe. Malungo, kuthamanga kwa magazi, matenda a m'njira ya mkodzo, mapasa, kutenga mimba uli wamng'ono kapena motsatizana, izi ndi zina mwa zimene zimabweretsa mwana msanga, ndipo nthawi zambiri ngakhale adokotala sapeza chifukwa. Abambo nawo ena amangoti za ana n'za azimayi, ali pa bawo, pamene chifuwa chawo n'chotakata kuposa cha wina aliyense pakhomopo.

Kamangidwe ka mwana pachifuwa kakhale kolondola, chifukwa apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mwana aimirire pakati pa mabere, mimba yake pa inu, mutu utembenukire mbali imodzi ndipo chibwano chisagwere pachifuwa chake, miyendo ipindike ngati ya chule. Kapulana adutse m'munsi mwa khutu lake, mfundo ikhale yolimba moti mukawerama asasunthe, koma pamimba pasathine. Pogona tsamirani mapilo kapena thumba la zovala, musagone chafufumimba. A WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, amati maola 8 mpaka 24 pa tsiku, ochuluka momwe mungathere. Munthu mmodzi sangakwanitse, n'chifukwa chake pamafunika zifuwa ziwiri kapena zitatu: bambo, agogo, mng'ono wanu, aliyense wosadwala chifuwa kapena chimfine, wosamba bwino, wosasuta. Kusambitsa m'beseni kudikire, mpukuteni ndi kansalu kofunda mbali imodzi imodzi. Adzakuuzani yekha kuti zomangidwa pachifuwa zakwana, akamafika cha ku 2,5 kg amayamba kukana, kutulutsa manja ndi kulira mukamumanga. Ku Tete mumzinda ndi ku Moatize musanyengedwe ndi kutentha kwa Okutobala, mwana wotere amazizirabe m'bandakucha kapena pansi pa fani.

Kuyamwa kusapitirire maola atatu, usiku womwe, mudzutseni. Akatopa msanga pabere, kamirani m'kapu yotsukidwa ndi sopo ndi madzi owira, mkhazikeni chokhala, gunditsani kapu pa mlomo wam'munsi azikhathira yekha. Osathira m'kamwa, amatsamwa. Mkaka wokama usakhale panja kupitirira maola anayi. Matewera onyowa 6 pa tsiku ndiye kuti akukhuta.

Tsono gulu lija ntchito yake ndi iyi. Sonkhani kangachepe ngati xitique (chipereganyu), ndalamayo ikhale pa M-Pesa kapena e-Mola ya mmodzi wokhulupirika, ya mayendedwe a usiku yokha, osati ya ndiwo. Sungani manambala a eni njinga awiri amene amayankha foni usiku. Gwirizanani kuti kubipa kawiri ndiye kuti zavuta, ndiimbireni. Pa WhatsApp tumizani mawu olankhula, si onse amawerenga Chipwitikizi. Ikani lamulo loti palibe kulemberana mankhwala, chimene chinathandiza mwana wa wina chikhoza kupweteka wanu, ndipo chithunzi cha mwana wodwala sichitumizidwa pa gulu kudikira mayankho, mwanayo apite kuchipatala. Chimene chimapasula timagulu totere ndi kupikisana sikelo. Wina akangoti wanga wafika makilo atatu, amene wake waima amachita manyazi n'kusiya kubwera, pamene iyeyo ndiye wofunika gululo kuposa onse. Yerekezani mwana ndi khadi lake lokha. Ndipo mukaona mnzanu akungolira masabata awiri, sakudya, sakufuna kumugwira mwana, kapena akunena zoti bola kufa, mperekezeni kwa enfermeira tsiku lomwelo. Amayi a chigwirizano kapena a m'mphakati akafuna kuthandiza, apempheni madzi, nkhuni ndi kuchapa, osati kudzadzaza m'chipinda kupatsirana mwana m'manja.

Zosewera zidzabwera. Werengani msinkhu wake kuyambira tsiku limene anayenera kubadwa. Wobadwa pa masabata 32 anafulumira ndi miyezi iwiri, choncho akakwana miyezi 6 muyembekezere zochita za mwana wa miyezi 4, ndipo muziwerenga chonchi mpaka zaka ziwiri. Katemera yekha ndiye amatsata tsiku lenileni lobadwira, musamuchedwetse poti ndi wamng'ono. Akachoka pa kangaru, sikelo ikukwera, katemera woyamba walandira, yalani mphasa panja pamthunzi, ana atatu kapena anayi, theka la ola likwana. Aliyense asambe m'manja ndi sopo, wachifuwa atsale kwawo ngakhale akhale mwana wamkulu wa m'nyumba mwa mnzanu, kupsompsona kumaso ayi. Agonekeni chafufumimba ali maso inu mukuyang'ana, muziwayankhula, muziwaimbira, agwire kampira ka nsanza zoyera. Ngati pa msinkhu wowerengedwa bwinowo satsata nkhope ndi maso, sadzidzimuka ndi phokoso, thupi ndi lolimba gwa kapena lolobodoka, nenani ku CCR msanga, funsani za fisioterapia (zolimbitsa ziwalo) ndi zoyeza maso. Escolinha (sukulu ya mkaka) ndi ya mtsogolo, akadzayamba kuthamanga.

Ndakalipa za apongozi, koma musawathamangitse, mudzawafuna. Atengeni tsiku la sikelo akamve okha kuchokera kwa wovala yunifolomu, chifukwa mawu omwewo akachokera kwa mpongozi amaoneka mwano. Agogo amene wamangidwapo mdzukulu pachifuwa kamodzi amasanduka mlonda wa pakhomo, alendo amabwezedwa ndi iyeyo. Ndipo ngakhale ena kuchipatala amayankha mokalipa, funsanibe, funsani kawiri, muuzeni akuonetseni ndi manja ake kamwetsedwe ka pakapu musanatuluke. Mwana asayendeyende, inde, koma inuyo tulukani pang'ono, mmangeni bwino, valani juzi, mukakhale pakhonde pa mnzanu mphindi zochepa dzuwa likatentha. Kumsika, kumaliro ndi m'chapa yodzaza ndiye ayi, pokhapokha popita kuchipatala. Lembani pano dera limene muli, osati nambala yanu poyera, amene ali pafupi akupezani ku inbox.