Anthu Atasowa, Lusaka Ingatani?

Funso: Akonzi, mwana wanga amakonda mafilimu a kutha kwa dziko. Tonse titazimiririka lero, n'chiyani chingayambe kuwonongeka? Mayi wa ku Chilenje

Yankho: Amayi, choyamba ndi magetsi. Makina a ku Kariba ndi Kafue Gorge amadzizimitsa okha pakachitika vuto, ndipo sipangakhale wowayatsanso. Mapampu a ku Iolanda okoka madzi mu Kafue angaime, mipopi n'kuuma. Dzinja likafika, ngalande zodzaza mapulasitiki zingasefukire. Komboni ya Kanyama, komwe madzi apansi ali pafupi kale, ingasanduke dambo.

Nyumba zimachedwerapo. Dzimbiri limayambira pa misomali ya malata, mvula n'kulowa, chiswe n'kumaliza mitengo ya denga. Nyama zakutchire nazo zingachuluke. Ku Chernobyl, m'dziko la Ukraine, anthu atasamutsidwa mu 1986 chifukwa cha ngozi ya pamalo opangira magetsi a nyukiliya, mimbulu ndi nguluwe zinachuluka.