Yankho pa kafukufuku wa ogula ku Nchalo ndi Ngabu

Achimwene, mwafunsa ngati kugawa mapepala a mafunso kungakuthandizeni kudziwa zimene anthu a ku Nchalo ndi Ngabu amagula musanatsegule golosale yanu. Ine ndikuona kuti pakokha sikungakwanire, chifukwa munthu akafunsidwa amatchula zimene amalakalaka, pomwe m'thumba mwake muli nkhani ina.

Khalani pamsika masiku angapo muli ndi kope m'manja, muone nokha. Mudzaona mayi akugula mafuta ophikira a m'kapepala ndi kachidutswa ka sopo, osati chifukwa sadziwa kuti botolo lalikulu limatchipa, koma chifukwa ndalama ya ganyu imabwera pang'onopang'ono tsiku lililonse. Muzilembanso nyengo, pakuti ku Nchalo malonda amayenda ogwira ntchito m'minda ya nzimbe ya Illovo akalandira malipiro, kumidzi amayenda thonje ndi chitowe zikagulitsidwa, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale ndalama zambiri zimathera pa chimanga. Kafukufuku wa mwezi umodzi wokha adzakusokeretsani.

Mitengo yakale musaidalire, popeza ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Achikulire ambiri a kuno kuchigwa amamasuka bwino mukawafunsa m'Chisena kapena m'Chimang'anja.