Kamba wa pa ulendo wa ku Joni

Asisi mwafunsa kuti poti ndi koyamba kupita kukaoda katundu ku Joni pa basi, mutenge chakudya kapena muzingogula m'njira. Tengani chanu asisi, chonde. Ine ulendo wanga woyamba ndinkangogula paliponse basi ikaima, ndalama yomwe ndimati ndikaonjezere nsapato za ana inathera m'mimba. Musaiwale kuti mudutsa mayiko awiri musanalowe South Africa, ku Mozambique akufuna ma meticais, ku Zimbabwe ma dollar, ndiye kwacha yathuyi ukasintha kwa anyamata a pa boda aja amakudya pa rate, botolo la madzi chabe umaligula mtima ukuwawa, ndipotu ndi mpamba umenewo ukudyawo.

Kuchoka ku Blantyre mudutsa Mwanza, Zobue, Tete, kenako Nyamapanda, Harare, Masvingo mpaka Beitbridge, muwerengere masiku awiri koma pa Beitbridge pakakhala mzere mutha kuchezera pomwepo. Ndiye polongedza muziganiza kuti chiyambe kuonongeka ndi chiti, chimenecho chikhale pamwamba.

Nkhuku ikhale yalokolo, muikazinge mpaka iume gwa, mchere wokwanira, osathira tomato kapena anyezi, msuzi ndi umene umasasitsa. Ndipo izizire kaye musanatseke kontena, mukaitsekera yotentha imachita thukuta mkatimo basi yatha. Mpunga ngati mwatenga mudye musanawoloke Zambezi, ku Tete kumatentha zoti simunazionepo, mpunga wa m'mawa pofika madzulo wayamba kunanda. Thobwa ndiye ayi ndithu. Ine ndinathira thobwa m'botolo la malita 2 nkutseka kwambiri, titangodutsa pa mlatho wa Tete linaphulika pansi pa mpando, bambo amene anali kumbuyo kwanga buluku lonse thobwa lokhalokha, mpaka Harare sanandiyankhule hahaha. Mazira owiritsa awiri okha akwana, mudye m'mawa womwewo, mukasenda masana basi yonse ikutukwanani.

Nkhukuyo ithe musanafike pa Beitbridge chifukwa mbali ya South Africa nyama ndi zipatso zosaphika salola kulowa nazo chisawawa, akazipeza zimatsala pomwepo. Tsiku lachiwiri ndi la zouma, mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, mandasi olimba aja osati ofewa a mafuta ambiri, mabisiketi, buledi. Mbatata yootcha imapirira kuposa yophika.

Madzi ikani mabotolo awiri mu fuliji aume usiku wonse, mukulunge ndi chitenje, amasungunuka pang'onopang'ono mpaka Nyamapanda akadali ozizira. Koma muzimwa mwanzeru, dalaivala saima chifukwa cha inu nokha ndipo zimbudzi zambiri za m'njira ndi zolipira, sungani tindalama tating'ono pafupi ndi tishu wanu. Zakudya zachilendo zogula pawindo zisiyeni, kutsegula m'mimba uli pa mzere wodindisa pasipoti ndi chinthu chomwe sindingafunire ngakhale mdani wanga.

China chomwe atsopano amalakwitsa, chikwama cha chakudya chisapite ku ngolo kapena pansi pa basi, katundu akamangidwa samasula chifukwa choti inu mwamva njala. Chikhale pamiyendo panu. Ndipo muonjezere kanthuli kamodzi ka mnzanu wa pampando, ndi yemweyo adzakuyang'anireni chikwama mukatsika.

Pobwerera ndiye mavuto enieni, ndalama yonse yalowa mu katundu, ina mwasungira msonkho pa Mwanza, mthumba mulibe kanthu. Musanapite ku Park Station kapena komwe basi yanu imanyamukira patulani ma rand ochepa mugule buledi muwiri, chiponde cha m'botolo, juwisi wosungunula ndi madzi a malita 5. Mtedza wina wa kumudzi uja mubise pansi pa chikwama musaukhudze popita, mudzaufuna pa Tete pobwera.