Risiva yayaka koma drone sikumva remoti, vuto lili pati?

FUNSO: Akulu, ndikumanga ka drone ka mamota anayi, bodi yake yowongolera kauluke ndi F405 yoyendera pulogalamu ya Betaflight, risiva yolandira siginolo ya remoti ndi ya mtundu wa ExpressLRS. Mawaya onse anayi ndawotcherera, kanyale ka pa risiva kayaka osaphethira, koma ndikagwedeza timitengo ta pa remoti palibe chikusuntha pa kompyuta olo pang'ono. Kapena risiva yapsa? Ndigule ina? Wowerenga wanu.

YANKHO: Achimwene musathamangire kugula ina, risiva imeneyo ili bhobho. Pa ExpressLRS kanyale kakayaka osaphethira nthawi zambiri ndekuti risiva ndi remoti zagwirizana kale. Koma kanyaleko sikanena kanthu za bodi, ndiye vuto lanu lili pakati pa risiva ndi bodi basi.

Yambani ndi mawaya. Awiri ndi a moto, 5V ndi GND, amenewo munakhoza poti kanyale kayaka. Awiri otsalawo ndi amene amapusitsa anthu ambiri. TX ndi kolankhulira, RX ndi komvera, ndiye TX ya risiva ikuyenera kupita ku RX ya bodi, RX ya risiva ipite ku TX ya bodi, mopingasa chonchi. Ambiri amaona zilembo zofanana nkumaika TX pa TX, zili ngati anthu awiri onse akulankhula womvera palibe. Komanso nambala ikhale imodzi, poti pa bodi RX ndi TX zimayenda ziwiriziwiri ndipo peya iliyonse imatchedwa UART, mukasankha R2 mnzake ndi T2, osati waya wina pa R2 wina pa T4 ayi. Yang'anitsitsaninso pafupi timapadi, timalo towotchererapo mawaya tija, nthawi zina mtovu wowotchererawo umayenderera nkukhudza padi yoyandikana nayo, mita yoyezera magetsi imakuuzani msanga ngati zagundana.

Pa mabodi a chipu cha F4 ngati F405 yanuyo pali msampha wina, padi yolembedwa SBUS. SBUS ndi chilankhulo cha pakati pa risiva ndi bodi, inachokera ku kampani ya Futaba ndipo siginolo yake ndi yotembenuza, chipu cha F4 sichitha kuitembenuza chokha, nde opanga bodi amaikapo kachipangizo kotembenuzira pa padi imeneyo. ExpressLRS imalankhula chilankhulo china, CRSF, yomwe sifuna kutembenuzidwa, mukaiponya pa padi ya SBUS zimangosokonekera. Sankhani UART ina yopanda kanthu. Mabodi a chipu cha F7 ndi H7 alibe vutoli poti amatembenuza okha mu pulogalamu.

Mawaya akakhala bwino tsegulani Betaflight Configurator, pulogalamu ya pa kompyuta yosinthira masetingi a bodi, koma choyamba chotsani mapiko onse anayi, izi sindikunyengererani ayi, mota ikadzidzimuka pa tebulo mapikowo amacheka chala mpaka fupa. Pitani pa Ports, yatsani Serial RX pa UART yomwe mwawotchererapo yokhayo, dinani Save and Reboot. Kenako pa Receiver sankhani Serial, pansi pake CRSF, musungenso. Ena amaiwala kusunga nkumadabwa. Ndipo pa mabodi ena padi ya 5V silandira moto wa USB mpaka mutalumikiza batire, yomwe imayaka ndi USB imalembedwa 4V5.

Zikatheka muona timizere ta pa Receiver tikuvina mukagwedeza timitengo, pakati pazikhala 1500, m'mbali cha m'ma 1000 ndi 2000. Mukakankha throttle, kamtengo kowonjezera mphamvu ya mamota, nkusuntha mzere wa roll, wopendekera kumbali, musadandaule, ndi Channel Map chabe, ndondomeko ya matchanelo, sinthani pakati pa AETR ndi TAER mpaka zilongosoke. Switch yoyatsira mamota muiike pa tchanelo ya AUX1, ExpressLRS imafuna choncho.

Chomwe ine sindilola munthu kudumpha ndi failsafe, zomwe drone imachita siginolo ya remoti ikaduka. Mapiko akadali ochotsa, yatsani mamota kenako muzimitse remoti, mamotawo akuyenera kuima okha pakangopita kanthawi kochepa. Akapitiriza kuzungulira musauluke nayo, konzani kaye pa Failsafe, chifukwa drone yotaya siginolo mamota ali chizungulire imapita komwe yafuna ndipo ikhoza kugwera munthu. Eriyo ya risiva nayo muitulutse kunja, isatsamire fulemu ya kaboni poti kaboni imatchinga siginolo.